Mabatani a juzi ya abambo

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti bondo la amayi ladana ndi chisanu cha Juni.

Ndikulengeza mwachisoni kuti juzi ya malemu abambo, yofiirira ija, yatsala ndi batani limodzi.

Ku Bowe kuno kwabuka sayansi yatsopano. Akuti popeza fodya wa abambo sankabwezedwa ku okushoni, ukasunga batani lawo m'thumba pomanga belo, wakonso adutsa. Anthu osapalira m'munda, koma kudalira batani!

Lachiwiri nditavala juziyo, anafika a Nabanda a kuseri kwa tchalitchi ndi zigumu zotentha.

"Aphunzitsi, mwaondatu, idyani! Iii, kabatani aka kakulendewera, ndikakusungireni."

Thothole! M'mawa mwake anabwera ena ndi zitumbuwa, enanso mtedza wokazinga. Ine ndi digiri yanga ndinkangowaseka umbuli, m'kamwa muli tho.

Dzulo amayi anaipapasa juziyo. Paja mabataniwo anasokerera okha, kuchotsa pa mayunifomu athu akale.

"La Tereza lili kuti?" anafunsa, kunena lanu.

Linapita ndi zigumu ziwiri.

Musatumize ena, sangalowe m'malo. Mungowaimbira foni amayi. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Fabiano