Kholingo Silinayende

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kuno tilipo, kutentha kwa ku Bwanje nkomwe kuja munakusiya.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mlongo wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kulira nkwa bambo ake. Mpunga wa ku sikimu tinakolola wokwanira, ngakhale mpheta zinayamba zatapa gawo lawo. Denga la khitchini likudonthabe paja munkatchera beseni. Beseninso layamba kudontha.

Mgolo wanu wa masese ndinautenga ndine. Satifiketi yanga ya Folomu 4 ikugona m'sutikesi, koma chimera ndicho chikudyetsa ana. Loweruka anthu amapalasabe njinga kuchokera ku Manjawira, akuti dzanja ndi lomwe lija.

Tsono nkhani ili apa. Mwezi watha mutu unandivuta, mapazi nkutupa, ndinapita kuchipatala. Anesi atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri, nkufunsa ngati ndimamwa. Ndinati ayi, ine ndimangolawa. Kenako anati ndichepetse kulawako, apo ayi tsiku lina ndidzadzuka mbali imodzi itafa.

Iwo sadziwa kuti kwathu kuno chipanda sichichoka m'manja mwa wofulula iye asanamwepo, kuti wogula aone kuti mulibe choipa. Munkati, "Wofulula wosalawa wabisa kanthu." Chipanda chilichonse, munthu aliyense. Pofika madzulo sindinaitanitse mowa ngakhale kamodzi, koma bwalo limakhala likundizungulira.

Ndinayesa nzeru. Ndinkangogunditsa milomo pachipanda nkupereka. Zinayenda mpaka anafika a Nzunga, aja anapita ku Joni limodzi ndi abambo. Analandira chipanda, nkuchigwira osamwa.

"NaJere, kholingo silinayende."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma mkuluyo sanamwe mpaka nditameza iye akuona.

Sabata yotsatira ndinawafotokozera za kuchipatala. Anandimvera chisoni, chenicheni ndithu, wina mpaka anandiuza za masamba owiritsa otsitsa magazi. Atatha kundipepesa anandipatsira chipanda kuti ndilawe. Ndinapempha kuti ndizilawa kamodzi pamgolo, onse akuona. Koma safika nthawi imodzi, ndipo wobwera mochedwa amati iye sanaone. Ndinati alamu anga azindilawira. Anati wolawa ndi amene wafulula, komanso munthu woyamwitsa timuchimwitsa.

Tsopano kumjigo zayamba kumveka. Akuti NaJere akuopa mowa wake womwe, kaya wathiramo chiyani. Angapo asamukira kale ku kachasu wa tsidya lija. Ndikakana kulawa ndine mfiti, ndikalawa ndine wodwala, ndikasiya kufulula mwana wanga Chisomo ndi mng'ono wake adya satifiketi. Kutchalitchi amayi a chigwirizano amandipempherera kuti ndisiye mowa. Amuna awo ndi omwe amandiwerengera mmero.

Masiku ano ndimakumbukira mmene munkamangira duku mothina madzulo a Loweruka, mukuti ndi utsi wakupwetekani mutu. Tinkakhulupirira. Mutagwa osadzukanso, tinaloza anthu zala mudzi wonse, osayang'anako chipanda. Kodi munkadziwa, Amayi? Ngati munkadziwa, sindikukwiyirani. Ndaona ndekha kuti khomo lotulukira ndi lopapatiza.

Kusiya sindikulonjezani, ndingakunamizeni. Chimene ndingathe ndi ichi: Loweruka likubwerali ndifulula theka la mgolo kuti uthe dzuwa likadalipo, ndidya kaye ndisanatsegule, ndipo ndizimeza kadontho kongoti a Nzunga aone kholingo layenda. Chisomo wayamba kundifunsa kasakanizidwe ka chimera. Ameneyo sindimuphunzitsa, limenelo ndiye lonjezo langa.

Mupereke moni kwa abambo. Ndimakukondani, ndipo ndikufuna kudzakuonani, koma osati msanga.

Ndine mwana wanu,
Esnati NaJere