Amalume Jameson, okonza maambulera pa Limbe

JAMESON NAMPULUMA
wa ku Bangwe, anatisiya mu Juni 1976

Zaka zitatu zakwana, amalume, chitisiyireni m'mawa uja chiperoni chinaphimba phiri la Bangwe mpaka nyumba ya aneba osaoneka. Chaka chino chabweranso. Ndikatuluka ndi ndowa kupita ku mpopi ndimaona munthu akutsika m'nkhungumo, kanthu kukhwapa, mtima n'kudumpha kuti ndinu ndi mtolo wanu wa maambulera. Akayandikira, ndi bambo wina wake wothamangira ku ntchito. Chithunzi chili pamwambachi ndi chokhacho chimene tili nacho. Jeketeyo ndi ya mwini situdiyo, ndipo nkhope mwaikwinya ngati akukumwetsani kwinini. Amene ankakudziwani akudziwa kuti simunali otero.

Munali munthu wa malaya awiri, ena pathupi, ena pachingwe. Amayi atakugulirani achitatu pa Khirisimasi munafunsa kuti, "Achemwali, nanga thupi lina lovala amenewa ndikalitenga kuti?" Mawa lake tinawaona atavala Che Abdula, mnzanu wosoka nsapato. Katundu wanu yense anali kabokosi ka zida ndi khadi la chipani lopinda m'chipewa. Sukulu simunapondeko. Kuwerenga munaphunzira nokha pa zikwangwani za mabasi, mutakhala pakhonde la sitolo ku Limbe, waya kukamwa, ambulera ya munthu pamwendo. Munkati ambulera siifa, imangotopa. Mukaweruka munkandiitana kuti ndikuwerengereni buku langa la jogalafe, inu mutatsinzina, ndipo tikafika ku maiko kumene mvula imagwa chaka chonse munkapukusa mutu: "Kumeneko ndiye ndikanalemera!" Tinazungulira dziko lonse, inu ndi ine, tili pamkeka. Ndikayamba kusirira nyumba za magetsi za ku Kanjedza munkaseka mpaka kutsokomola: "Iwe Doreen, tulo ta kumeneko n'tosiyana ndi tathu?"

Akukulirani achemwali anu Anjelina, amene mpaka lero amatunga madzi osamba a anthu asanu pamene tatsala anayi. Ang'ono anga Annie ndi Joan akula, simungawazindikire. Che Abdula salola munthu kukhala pamalo panu pakhonde paja, amati pali mwini wake.

Koma amalume, ndili ndi nkhani, ndipo sindingathe kuisunga. Mayeso a Folomu 2 ndinakhoza. Ntchito sindinaipeze, koma ndapeza munthu. Dzina lake ndi Hawkins, ndi kalaliki, kwawo ndi ku Kanjedza komwe kuja. Amayenda ngati akumva nyimbo imene enafe sitikuimva. Tsiku lina anandiperekeza wapansi kuchokera ku Limbe mpaka kwathu, mabasi akuwasiya dala, ndipo ndinaona ngati msewu wafupika mwachipongwe. Ndikufuna tikwatirane mvula isanagwe. Amayi akuti ndikuthamanga. Ine ndikuona kuti dzuwa ndi limene likuchedwa.

Chinkhoswe ndi Loweruka likubwerali. Mpando umene ukanakhala wanu wagwera ang'ono anu, amalume Malizani, ndipo afika kale kuchokera ku Phalombe, fumbi mpaka m'maondo, msoti m'dengu, kuti zichitike monga kwathu: akuchimuna abwere ndi tambala, ife tipereke msoti, ankhoswe adziwane. Koma amayi ake a Hawkins atamva kuti ndine mbumba ya yani anati, "Wa maambulera uja?" Akuti kwawo zankhuku anasiya kalekale, n'zachimidzi, akufuna holo, keke ndi mphete. Akutinso munthu wosaina podinda chala ngati a Malizani sangakhale moyang'anizana ndi achimwene awo a mu ofesi, ndiye tibwereke aphunzitsi aja a kuseri kwathu, tiwatchule amalume kwa tsiku limodzi. Hawkins akungoti, "Doreen wanga, lolera, ndi tsiku limodzi lokha." A Malizani anazimva zonse ali panja. Sanakwiye. Anangofunsa ngati basi ya ku Phalombe imanyamukabe m'mawa.

Ndinawalanda dengu lawo, amalume, n'kulitsekera kuchipinda. Nkhoswe si wa tsiku limodzi. Ndi khomo limene ndidzagogode tikadzayambana m'nyumba, ndi munthu amene adzathamange mwana akadzadwala, ndipo aphunzitsi obwereka adzakhala atasamutsidwira ku boma lina. Ndamuuza Hawkins kuti Loweruka tiyala mikeka pabwalo pathu, pansi pa mtengo wa mapeyala, a Malizani akhala patsogolo ndi nsapato zawo zamatayala. Akabwera ndi tambala, tiwalandira ndi nthungululu mpaka Bangwe yense amve. Akapanda kubwera ndilira, sindinama, mwina mpaka mvula idzagwe n'kukata, chifukwa ndimamukonda mnyamatayu moti chakudya sichikulowa. Ndimalota tili awiri pa sitima, tikupita kumene sindikudziwa, mawindo onse otsegula. Koma amalume obwereka ayi.

Nyuzi ino ku Kanjedza amaigula, ndipo ndamva kuti tsamba la zikumbutso amayi aja saliphonya. Choncho awerenge pano, ndi magalasi awo, pansi pa getsi lawo: ine Doreen ndine mbumba ya a Jameson Nampuluma a ku Phalombe, amene anandiphunzitsa sukulu ndi waya, ulusi ndi singano, ndipo nkhoswe wanga ndi a Malizani, mlimi wa nandolo. Loweruka tikudikira.

Usani mumtendere, amalume. Dzina lanu sitidzalibisa, ndipo sitidzaliiwala.

Ndine mbumba yanu Doreen, m'malo mwa banja lonse, Bangwe.