Buku la Masitampu la ku Al Warqa

Oud Metha, Dubai
14 Malichi 2021

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi. Mawondo aja akukuvutanibe? Ine kuno ndili bwino. Katemera ndinabayitsa kawiri konse, ndipo odwala kukiliniki kwathu ayamba kuchepa.

Khalani pansi, ndili ndi nkhani.

Mnzanga Hildah, wa ku Mzimba, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa. Abwana ake, nkhalamba yachimwenye, anamwalira ndi korona mu Januwale, ndiye ana awo anaganiza zogulitsa katundu yense wa m'nyumbamo. Lachisanu lapitali Hildah anandiitana kuti mwina ndikapezako ketulo yamagetsi. Ankalowetsa anthu asanuasanu, aliyense atavala masiki.

Ketulo ndinapeza itapita kale. Koma patebulo lina, pakati pa mawotchi akufa, panali buku lalikulu la chikuto chobiriwira. Ndinalitsegula. Masitampu, Ababa! A Nyasaland, kambuku ataima pathanthwe, mutu wa mfumu pambali. Kenako a Malawi: mbalame, agulugufe, nsomba zathu, tsamba ndi tsamba.

Mwana wa malemuwo, mayi wa imvi kale, anandifunsa kwathu. Nditatchula Malawi anakuwa kuti, "Muli bwanji, achimwene!" Ine mkazi wathunthu kunditcha achimwene! Tinaseka mpaka masiki kunyowa. Akuti bambo awo anabadwira ku Limbe, anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo akakwiya ankawakalipira m'Chichewa.

Panali bambo wina wochita malonda a zinthu zakale amene ankalifunanso bukulo, ndipo anatchula mtengo umene ine sindikanaufikira. Koma mayi aja analichotsa patebulo, n'kuliika m'manja mwanga. "Khalas, nkhani yatha," anatero, "ili likubwerera kwawo." Anandigulitsa pamtengo wa ketulo.

Tsopano imvani chimene chinandiliritsa m'basi pobwerera.

Buku lanu lija, limene munasonkhanitsa zaka zonse muli ku positi ofesi ya Luchenza, amene analitaya si mlongo wanga Edgar. Ndinali ine. Ndili Sitandade 4 ndinkamatula masitampu awiriawiri n'kumasinthanitsa ndi zitumbuwa pabuleki. Litatha, chikuto ndinakachiponya m'chimbudzi. Edgar anandiona, koma tsiku munamukwapula lija sanatchule dzina langa. Mpaka lero mukati "wosasamala" mumanena iye, ndipo iye amangoseka.

Pepani, Ababa. Zaka makumi awiri ndi zambiri kuti mlongo wanga azindisenzera mlandu.

Benedicta, wa kutchalitchi kwathu kuno, akubwera kumudzi mwezi wamawa ngati ndege saziimitsanso. Ndamupatsa bukulo, ndalikulunga m'chitenje. Likafika musatsegule nokha. Muitanitse Edgar kuchokera ku Bangwe, akhale pampando woyandikana nanu, tsamba loyamba atembenuze ndi iye. Mundiimbire pa vidiyo ndione nkhope zanu. Ngati chikwapu chija chilipobe, mundisungire, ndidzalandira changa pa Khirisimasi ndikuseka.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali a ku Thyolo, alamu anga ndi ana. Musamaiwale kusamba m'manja mukachoka kumsika. Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Rosta