Botolo Limene Ndinalitseka Zolimba

Brussels
Lolemba, 14 Malichi 1994

Okondedwa achemwali anga a Deolinda,

Musawawerengere amayi kalatayi mokweza monga mumachitira. Pitani nayo kaye kuseri kwa khola muwerenge nokha. Kumapeto ndalemba mawu ochepa oti amve iwo, ndaikapo kamtanda kuti mupaone. Ndikulemba ndili pa benchi m'chipatala, pepala lili pa bondo, ndiye mukhululuke zilembo zokhotakhotazi. A Fausto oyendetsa basi anyamuka mawa m'mamawa, ndipo alonjeza kuti akupatsani m'manja mwanu Lachitatu.

Ndikhulupirira muli bwino nonse, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kukadazizira. Simão wakwana miyezi isanu ndi umodzi, kadzino koyamba katuluka. Bambo ake Abílio ali pa ulendo ndi lole ku Germany, abwera Lamlungu. Phukusi lanu linafika bwino, masoseji, mafuta a olivi, ndi diresi lija loti Simão abatizidwiremo. Zikomo. Koma si zimenezi zomwe ndikulemberani, ndikungozungulira chifukwa dzanja likukana.

Noémia wagonekedwa. Ndi diso lamanzere. Ali moyo, akulankhula, masana ano wamwa supu, musakomoke. Koma madokotala sakudziwa ngati disolo lidzaonanso, kamwana ka zaka zitatu zokha, ndipo wolakwa ndine.

Zinayambira pa diresi. Nditalitulutsa m'pepala ndinapeza lasanduka lachikasu, makamaka m'khosi ndi m'mikono. Diresi limene amayi anasoka ndi manja awo, limene tinabatizidwiramo inu, ine, ndi Noémia. Mukuwadziwa azimayi akwathu a kutchalitchi kuno, amayang'ana mwana wa mnzawo ngati akusankha nsomba pamsika. Ndinakumbukira mmene amayi ankachitira: perokosaidi, mankhwala otsukira bala aja a kufamase, m'beseni la madzi, kenako kuyanika nsalu pa udzu. Kuno udzu ndilibe, dzuwa ndilibe, ndiye ndinati ndifune mankhwala amphamvu.

Mukudziwa kuti ndimakolopa mu labotale ija zaka ziwiri tsopano. Kuli bambo wina dzina lake Goossens, ndiye amasunga mankhwala onse, wamtali, wosaseka. Tsiku langa loyamba anandiyendetsa zipinda zonse akunena kuti, “Mayi, muno chilichonse chooneka ngati madzi si madzi.” Anandisonyeza kampopi kotsukira m'maso pakhoma. “Chikakulowani m'diso, apa, mphindi khumi ndi zisanu. Mukamva kuti mwatopa, dziwani kuti zangokwana zitatu.” Ine ndi Zohra, mnzanga wa ku Morocco amene ndimakolopa naye, tinkamutsanzira mawu amenewa tikamamwa khofi, tikuseka mpaka misozi.

Lachitatu lapitali tinapeza mabotolo akale ali pa kangolo m'njira, akudikira anthu odzawataya. Limodzi linali loyera, lotsala theka. Chifalansa cholembedwa chimandivutabe, ndiye ndinamuitana Zohra.

“Iwe, palembedwa chiyani apa?”

“Mpwitikizi iwe, wayamba liti kuwerenga mabotolo a eni? Ukufuna ukhale profesa?”

“Tangondiuza.”

“Perokosaidi. Koma si uja wopaka pa bala ayi. Taona chithunzi, dzanja likudyekadyeka. Uyu ndi mkulu wake wolusa.”

“Ndiye kuti supuni imodzi ingakwane beseni lonse.”

“Ingakwane kukuchotsa ntchito, chitsiru. Tiye, zimbudzi zikutisowa.”

Ndinamutsatira, koma ndinali nditaona chotsekera cha botololo. Chinali ndi kabowo pamwamba. Ndinati basi, chotsekera chawonongeka, ndi chifukwa chake akulitaya. Ndipo mukudziwa mmene tinaleredwera, chinthu chabwino sichitayidwa. Mumtima sindinachitche kuba. Ndinati ndikutola.

Mawa lake ndinabwera ndi botolo lagalasi la mafuta a olivi a phukusi lanu lakale. Ndinalitsuka ndi sopo katatu. Chotsekera chake chachitsulo chinali ndi kadzimbiri pang'ono m'kati, sindinakalabadire. Ndinavala magolovesi n'kuthira, mwina makapu awiri. Dontho limodzi linagwera pa mkono pomwe golovesi limathera. Pomwepo panayera ngati ufa, panaluma ngati mavu, koma nditatsuka, pofika masana panali patabwerera. Achemwali, ndinasangalala. Ndinati ngati ayeretsa khungu chonchi, nanga diresi?

Kunyumba ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse. Noémia amatsegula chilichonse, zala zake ndi za kanyani. Ndinatenga nsalu n'kupotokola chotsekera chija ndi mphamvu zanga zonse mpaka chikhatho chinafiira. Ndinakwera pa mpando n'kuika botololo pamwamba penipeni pa kabati ya kukhitchini, pomwe pamadutsa paipi ya madzi otentha, kuti asalifikire. Diresi ndinalipachika pa chitseko cha kabati yomweyo, ndimati ndilinyika Lamlungu. Ndinatsika pa mpando ndikudziona ngati mayi wosamala.

Loweruka cha m'ma leveni, Noémia anali pa tebulo la kukhitchini akujambula. Ine ndinali kuchipinda, ndikusintha Simão thewera. Ndinangomva phuu! ngati mfuti za alenje akwathu. Kenako zii. Kenako kukuwa komwe sindinamvepo.

Magalasi anali paliponse. Mulungu anamuteteza ku magalasiwo, anangomukala pa khutu. Koma pa chipumi ndi pa tsaya panali madontho oyera ngati aja a pa mkono wanga, ndipo anagwira diso ndi manja onse awiri. M'mutu mwanga munalibe kanthu, munangotsala mawu a Goossens, omwe tinkawaseka aja. Ndinamunyamula, ndinamugoneka chagada pa sinki, ndinatsegula mpopi, ndinatsegula chikope ndi zala. Wotchi ya pakhoma inali leveni koloko ndi mphindi teni.

Achemwali, mphindi khumi ndi zisanu ndi zaka. Noémia anandimenya mateche, anandiluma chala. Kenako anayamba kunena kuti, “Amayi pepani, sindidzayambiranso! Amayi pepani!” Ankayesa ndikumulanga. Simão naye akukuwa kuchipinda. Ndipo a Claes, gogo wa nyumba ya pansi uja amene amadandaula ngakhale tikayenda ndi masokosi, anayamba kumenya chitseko.

“Tsegulani! Mukumupha mwanayo? Ndiitana apolisi ine!”

“Itanani ambulansi, agogo inu, osati apolisi! Chitseko n'chosakiya!”

Analowa, anaona. Anaimba foni, anamunyamula Simão, ndipo mpaka lero ali naye. Munthu amene sanandipatsepo moni wabwino zaka zitatu. Ine sindinachotse mwana pa mpopi mpaka wotchi inafika pa twente faifi.

Tsopano chimene chikundichititsa manyazi kuposa kuba. Kuchipatala atandifunsa, ndinanama. Ndinati anali perokosaidi wa kufamase. Dokotala wake ndi mtsikana, mwina wamng'ono kwa inu. Anayang'ana madontho a pa tsaya, anayang'ana ine.

“Mayi, wa kufamase sachita izi. Ine si wapolisi. Ndikufuna nambala yomwe inalembedwa pa botolo, kuti ndidziwe mphamvu ya chimene chalowa m'diso la mwana wanu.”

Ndipo ine ndinakhala chete. Ndinaganiza za ntchito, za nkhope ya Abílio, za azimayi a kutchalitchi. Mwana wanga ali gone pamaso panga, ine n'kukhala chete nthawi yokwana mapemphero awiri a Tikuoneni Maria. Zimenezi sindinauze wina aliyense, ndauza inu nokha. Kenako ndinatulutsa khadi la kuntchito, kumbuyo kwake kuli foni ya ngozi, ndinati, “Imbirani bambo awa. Nambala ya pa botolo sindikuidziwa, akuidziwa ndi iwo. Ndinawabera.”

Goossens anafika atavala nsapato za kudimba, matope ali mbuu, pepala lili m'manja. Anamuuza dokotala kuti nambala yake ndi 35, pamene wa kufamase amakhala 3. Atamaliza anabwera kudzakhala pa benchi yomwe ndakhalayi. Ndinkadikira kuti andikalipire, mwina zikanandipepukira.

“Munathira mu chiyani?”

“Botolo la mafuta. Lagalasi.”

“Munatseka?”

“Zolimba, bambo. Chifukwa cha mwana. Lanu lija chotsekera chinali chobooka.”

Anagwira nkhope yake ndi manja awiri. “Mayi Idalina, kabowo kaja ndiye moyo wa botolo. Mankhwala amenewa amatulutsa mpweya usana ndi usiku, pang'onopang'ono, ndiye botolo liyenera kupuma. Akakumana ndi dzimbiri kapena kutentha, amautulutsa mothamanga. Inu munawapatsa zonse ziwiri, n'kutseka pakamwa.” Kenako anandifunsa, “Munatsuka mphindi zingati?”

“Khumi ndi zisanu.”

“Zenizeni, kapena za m'mutu?”

“Za pa wotchi.”

“Ndiye mwina,” anatero. Mawu okhawo, mwina. Ndakhala ndikuwatafuna masiku awiri.

Anapempha kiyi wa nyumba. Akuti nsalu kapena pepala zikanyowa ndi mankhwala amphamvu chonchi n'kusiyidwa kuti ziume, zimatha kuyaka zokha popanda machesi. Anapita ndi magolovesi ake ndi magalasi a m'maso, anathira madzi khitchini yonse, anatola magalasi, ananyika zonse m'bafa, ngakhale zojambula za Noémia. Pobweza kiyi anati, “Ndiyenera kulemba lipoti, simungabwererenso kuntchito kuja. Ndilembamonso kuti amene anasiya kangolo m'njira osakiya ndine.” Ntchito sindikuiganiza n'komwe, achemwali. Zohra anabwera dzulo ndi malalanje, ananditukwana m'zilankhulo zitatu, kenako analira kuposa ine.

Diresi la amayi lawonongeka. Pomwe panagwera mankhwala payera mbee, ndipo pachifuwa nsalu yafooka, yabooka malo anayi. Kwina konse ndi kwachikasu monga linabwerera. Ubatizo ndauza ansembe kuti tiimike kaye.

Madontho a pankhope ya Noémia atha, pangotsala kufiira. Diso analiphimba, amalithira mankhwala pafupipafupi, ndipo nthawi iliyonse womugwira manja ndine ndekha, kumupanikiza ndi mwendo ndi chigongono. Dokotala akuti kupsa kwa mtundu umenewu n'konyenga. Diso limatha kuoneka bwino lero, pakapita masiku n'kuchita mtambo kapena chilonda pamwamba pake. Loweruka likubwerali m'mawa adzamasula, adzaphimba diso labwinolo, n'kumusonyeza zithunzi. Pamenepo ndi pomwe tidzadziwire.

Abílio anaimba kwa a Claes dzulo. Ndinawapempha kuti amuuze kuti mwana ali ndi chifuwa, asathamange pamsewu. Ndikudziwa, ndi bodza linanso. Ndidzamuuza pamaso, koma ndatopa, achemwali, ndatopa moti ndikaimirira pansi pamayenda. Mkaka wa Simão wayamba kuuma. Ndikatseka maso ndimaona dzanja langa likupotokola chotsekera chija.

Pempho langa ndi ili. Basi ya a Fausto imabwerera Lachinayi, imafika kuno Lachisanu madzulo. Ndawauza akusungireni mpando. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yobzala mbatata, ndikudziwa alamu adandaula, koma bwerani. Amayi muwauze kuti mukudzandithandiza za ubatizo. Kuyambira Loweruka lija Noémia akandiona ndikuyandikira ndi kapu ya madzi amabisa nkhope m'pilo. Sindikufuna kuti akadzamasula bandeji pakhale nkhope yanga yokha. Akadzaona, aone inu, azakhali ake amene sanamulakwirepo. Akadzapanda kuona, ndidzafuna munthu wondigwira.

Mubwere ndi ulusi woyera ndi singano zazing'ono za amayi, mutenge mwakachetechete m'chitini muja. Inu mumatha kusoka zigamba zosaoneka, ine sindinaphunzire.

+ Apa ndi pomwe muyambire kuwawerengera amayi.

Amayi, moni wochokera kwa mwana wanu. Phukusi linafika, masoseji ndi okoma ngati kale. Simão wamera dzino. Diresi lanu ndalilandira, ndipo Simão adzabatizidwira m'menemo, sadzavala lina. Noémia amakutchulani. Lamlungu likubwerali mumuyatsire kandulo kwa Santa Luzia, woyang'anira maso a ana, musafunse chifukwa, ndangolota. Mupereke moni kwa onse a pamudzi. Mundipempherere ndikhale mayi ngati inu.

Achemwali, pamenepa mulekeze. Lachisanu ndidzaima pa siteshoni ya basi kuyambira folo koloko.

Ndine mng'ono wanu,
Idalina