Makina a Amayi Sakwera Positi

Zeehan, Tasmania
14 Ogasiti 2019

Katundu wa amayi wopita ku Bokosi 61, Kununurra:
3 Malichi: makapu 6. Ndinalandira $9, positi $24.
29 Malichi: mbale zazikulu 4. Ndinalandira $7, positi $31.
17 Epulo: masupuni asiliva 11. Ndinalandira $15, positi $13.
20 Meyi: wotchi yapakhoma. Ndinalandira $12, positi $38.
2 Julayi: mphika wachitsulo. Ndinalandira $6, positi $42.
Zolowa $49. Zotuluka $148. Ndaluza $99.

Okondedwa akulu anga a Noelene,

Ndikhulupirira muli bwino kotenthako. Kuno mvula yagwa masiku 19 mwa masiku 23 apitawa, ndipo chiuno changa chikulidziwa tsiku lililonse. Ndayamba ndi manambala chifukwa zaka 34 zophunzitsa masamu zinandisiyira khalidwe losayankhula ndisanawonkhetse. Komanso papita zaka zisanu ndi zinayi chiikireni amayi m'manda tisanalemberane, ndiye poyambira pena sindikupaona.

Chaka chatha ndinayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba muno pa msika wa okushoni wa pa intaneti. Mukuudziwa bwino msikawo, koma mumaudziwira mbali ya wogula. Mbali ya wogulitsa ili chonchi. Munthu akalandira phukusi amakupatsa nyenyezi pa zinthu zinayi: katunduyo, kayankhidwe kako, changu chako, ndi mtengo wa positi. Pa zitatu zoyambazo ndinali ndi zisanu. Pa positi ndinali ndi 4.2. Sindinkaonjezapo ngakhale senti imodzi pa zimene a positi ankandiuza, koma munthu wa ku Sydney akaona $18 amati nkhalamba ya ku Tasmania ikumubera. Wina analemba kuti, "Mbale ndi yokongola, koma kodi yabwera pa ndege yakeyake?"

Amene anandipatsa nzeru ndi Raelene wa ku positi, mwana wa a Hocking ophika buledi aja. Ndinamuphunzitsa zaka zitatu, ndipo masamu sanamukonde.

"Aphunzitsi, lembani kuti kutumiza n'kwaulere," anatero. "Mukatero msikawo umakupatsani wokha nyenyezi zisanu pa positi. Wogula sangakhudzepo."

"Ulere unayamba liti pa dziko lino?"

"Ulipo, kwa wogula. Inuyo mungobisa za positizo mu mtengo wa katundu."

Ndinayesa. Ndikayambira mtengo pamwamba, masiku asanu ndi awiri ankatha popanda wotchula ngakhale dola. Pa okushoni anthu amabwera ukayambira pansi. Ndiye ndinayambira pansi, positi n'kuisenza ndekha. M'miyezi isanu ndemanga zinachoka pa 212 kufika pa 340, zonse zabwino. Katundu ndi yemweyo, nyuzipepala zokulungira ndi zomwezo, manja ndi omwewa. Amene ankanditcha wakuba anayamba kunditcha mayi wachifundo. Ndakhala zaka 72 ndisakudziwa kuti mbiri yabwino amagulitsa pa kilogalamu.

Kwa ogula a ku Hobart ndi ku Melbourne zinkabwezana, chifukwa ankalimbirana. Kenako panabwera wogula wodzitcha Corella44. Ankangofuna za amayi zokha. Ankadikira masekondi omaliza, ndipo ankagula chimodzichimodzi, masabata motalikirana, kuti ndisaphatikize maphukusi. Pa adiresi panalembedwa D. Pavlich, Kununurra, tauni ya kutali kumapeto ena a dziko lino. Ine ndinkadziwa kuti inu muli ku Perth, ndipo dzina la mkamwini wanu palibe anandiuzapo.

Raelene ataika mbale zija pa sikelo anaseka. "Chibwenzi chanu cha ku Kununurra chayambanso? $31 pa katundu wa $7. Masamu munkatitsekera nawo m'kalasi aja ndi amenewa?"

"Yeza phukusi, Raelene. Pakamwa pako ndinayeza kale."

Munadziulula pa masupuni. Munalemba kuti, "Afika bwino. Ya nambala 12 ikadali m'dzenje la mgodi." Nkhani imeneyo tinkaidziwa anthu atatu. Mmodzi ali kumanda. Wachiwiri ndi inu, amene munaiponya supuniyo mu 1957 kuti mumve kuya kwa dzenjelo. Wachitatu ndi ine, amene ndinawerenga masekondi anayi isanalire pansi, ndipo lamba wa madzulo amenewo anagwera ine.

Tsiku la maliro munanena za ine pa khonde, abusa akumva, kuti, "Merle wadzilipira yekha, ankawerenga mapiritsi a amayi diso lina lili m'kabati." Amayiwo ndinawasamala zaka 11. Inu munabwera kanayi, masiku 17 onse pamodzi, ndipo awiri mwa amenewo munali ku Strahan kokwera boti. Amayi atandisiyira za m'nyumba munalumbira kuti simudzandipempha ngakhale supuni. Mawu anu mwawasunga, akulu anga. Simunapemphe. Munagula khumi ndi imodzi pa $15, ine n'kukulipirirani ulendo wake, inu n'kundiponyera nyenyezi zisanu monga mmene munthu amasiyira khobidi pa tebulo la m'lesitilanti.

Tsopano ndinene changa, poti buku labwino limalemba mbali zonse. Pa msikapo pali batani loletsera munthu kugula kwa iwe. Ndinalipeza tsiku lomwelo la masupuni. Sindinalidine. Wotchi ndi mphika ndinaziika ndikudziwa amene atenge, ndipo ndinaziika Lamlungu madzulo, nthawi imene ndinaona kuti mumakhala pa kompyuta. Phukusi likapita ndinkatsegula tsamba la ndemanga katatu pa tsiku. Za wotchi munalemba kuti, "Ikuchedwabe mphindi zisanu, ngati kale." Za mphika munati, "Amakulunga ngati amayi." Ndemanga zanu zisanu zili ndi mawu 41. Gawani $99 ndi 41: liwu lililonse landidyera $2.41. M'zaka zisanu ndi zinayi simunandiuzepo zambiri kuposa pamenepa, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mumandinyoza kapena mumandipatsa moni.

Simunafunse chifukwa chimene ndikugulitsira, koma ndikuuzani mwachidule. Chiuno chinayamba kundivuta chaka chatha, ndipo mu Juni wapitayu ndinagwa kawiri. Kachiwiriko ndinagona pansi m'khitchini maola asanu, mpaka Raelene anadabwa kuti sindinabwere ndi maphukusi a Lachiwiri. Kumapeto kwa Okutobala ndikusamukira ku nyumba ya okalamba ku Burnie. Chipinda chake ndi mamita anayi m'litali, atatu m'lifupi. Ndinachiyeza ndekha. Musadandaule nazo, zonse ndakonza.

Lamlungu lapitali munapambana makina osokera a amayi pa $11. Amalemera makilogalamu 14. Raelene akuti kufika kwanuko ndi $96, ndipo ulendo uno sanaseke. Anangoti, "Aphunzitsi, munthu ameneyu akukufunani chiyani?" Ndinamuuza kuti andipatse sitampa imodzi ya kalata.

Makinawo sinditumiza. Ndalama yanu ndakubwezerani m'mawa uno. Ndikudziwa zotsatira zake: msika undiika chizindikiro cha wogulitsa wosasunga pangano, ndipo inu muli ndi ufulu wondilembera ndemanga yoipa, yoyamba mwa 340. Lembani. Ndipatseni nyenyezi imodzi, munene zonse zimene munasiya pa khonde paja. Imeneyo ndiyo idzakhala nyenyezi yokhayo yochokera kwa inu imene sindinailipire.

Makinawo ali pa tebulo la m'khitchini, ndawathira mafuta, ndipo kabokosi ka singano kali momwe amayi anakasiyira. Pa makina amenewa anasokerapo diresi lanu la ukwati, limene ine ndinalivala patapita zaka zitatu atalifupikitsa. Ndi anu. Koma positi sakwera. Mwini wake adzawanyamule ndi manja ake. Pa 31 Okutobala galimoto ya kutchalitchi idzatenga chilichonse chotsala, ndipo sindidzaiimitsa.

Mundiperekere moni kwa a Pavlich amene anakubwerekani dzina, ndi kwa mwana wanu Janine, amene ndinamuona komaliza ali ndi zaka 30. Ngati kuli adzukulu, sindikudziwa kuti ndi angati, ndipo chimenechi ndi chinthu chokhacho chimene ndalephera kuwerenga. Kiyi amakhala pomwe paja, pansi pa njerwa yachitatu. Mubwere ndi chovala chamvula.

Zotsala m'nyumba lero:
Makina osokera, 1.
Bedi la m'chipinda chanu, 1, losagulitsa.
Makapu a amayi, 2. Anali 8, mukudziwa.
Masiku, 78.

Ndine mng'ono wanu,
Merle Tulloch