Njinga ya pa Njerwa

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku la mphepo ndi mkwiyo.

Pulasitala anandichotsa sabata yatha, ndipo mwendo watsala ngati ndodo. Ba nesi anati mpira ayi, kuthamanga ayi, koma ndiziyenda m'madzi ofika m'chiuno kapena kupalasa njinga pang'onopang'ono. M'madzi a Kafue? Kuti ng'ona zimalize zimene mlonda anasiya?

Ndiye lero ndakhazika njinga pa njerwa kuseri kwa nyumba, tayala lakumbuyo lili m'malere, n'kumapalasa osapita kulikonse. Koma ndikangoponda pedulo ndimaona nkhope ya Mweemba, mlonda wa pageti la fakitale, amene anandithyola msongolo ndi chibonga tsiku lomwe anatichotsa ntchito. Munthu woti tinkadyera nshima mbale imodzi! Ndamuponda pakamwa, ndamuponda m'mano, ndamupondanso, mpaka tcheni chaduka, njinga yadumpha pa njerwa, ine pansi khu! Magazi pachigongono, mwendo watupanso.

Amake Misozi abwera akuthamanga. "Imwe atate ake Misozi, paja anati pang'onopang'ono! Mufuna muuthyole kawiri?"

Ndawauza kuti ndikangochira, wa Mweemba ndikauthyola patatu.

Iwo akuti, "Mukamupeza kumsika. Naye anamuchotsa ntchito Lolemba. Akugulitsa zovala za salaula pafupi ndi tebulo langa, ndipo amafunsa za mwendo wanu."

Tcheni ndachilumikiza. Mawa ndipalasanso, poti ba nesi anatero. Koma sindikudziwa kuti ndiziponda nkhope ya ndani.