Utsi wa Zitumbuwa

Okondedwa Amake Rozi,

Moni kwa inu, kwa Rozi ndi kwa khandalo ku Joniko. Kuno ndili bwino, kupatula bondo lija lolosera mvula.

Ndiulule ena asanandinenere. Dizilo anasowa pa Chitakale, zinanazi zathu n'kuyamba kuwolera m'munda. Fakisoni, mwana wa mlongo wanga, anapeza makaniko amene amasefa mafuta okazingira, kuwathira mankhwala, n'kuwasakaniza ndi dizilo wochepa amene munthu ali naye. Ndiye ndinapereka chigubu chanu cha mafuta a zitumbuwa, chomwe chija munati ndisachiyang'ane n'komwe.

Pikapu yathu itamwa mafutawo inayenda bwinobwino, zinanazi zinafika ku Limbe. Koma utsi wake, mayi, ndi zitumbuwa zanu zenizeni! Agalu anatiperekeza mpaka kumsewu. Fakisoni akamatenthetsa injini m'mawa, ine ndimaima kumbuyo ngati ndikuyendera matayala. Dzulo anandifunsa kuti, "Malume, misozitu iyo?" Ndinati ndi utsi.

Khandalo likukwawa tsopano, Rozi atha kulera yekha. Bwerani mudzandikalipire za chigubucho, m'nyumba muno mwachita zii. Mafuta atsala a ulendo umodzi, ndawasungira tsiku lodzakutengani pa siteji.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mwamuna wanu wosamva,
Bambo a Rozi